Lamba wa Pakhoma wa a Chidendene

M'mawa uliwonse apongozi anga aamuna akatuluka kuchipinda kwawo, ankayamba agogoda khoma ndi zala ziwiri ngati munthu amene wafika pakhomo pa eni. Kenako zalazo ankazisiya pomwepo n'kuyamba kuyenda. Zinkakhwekhwereza pakhoma mukolido monse, kudutsa pabalaza, mpaka pachitseko chotulukira kukhonde kumene ankagwirira ntchito. Ine ndili kukhitchini ndinkamva kaphokoso kake, swee, swee, n'kudziwa kuti nthawi yothira tiyi yakwana.

Mumsewu mwathu onse ankawatchula a Chidendene. Ankasoka nsapato, ndipo munthu akabwera ndi nsapato yake, moni unkabwera pambuyo. Ankayamba aitembenuza n'kupapasa chidendene chake.

"Inu mumayenda mopendekera kumanzere," ankatero. "Nsapatoyi ndikonza, koma mwendowo mukakonzetse kwina."

Ntchitoyi anaiyamba ali mnyamata pakhonde la sitolo ina pafupi ndi depoti ya mabasi. Kenako analembedwa pa fakitale ya nsapato, ndipo itatsekedwa anabwerera pakhonde, koma la nyumba yawoyawo. Anali munthu wamfupi, wa mapewa akuluakulu, ndipo zala zawo zinali zakuda ndi polishi amene sopo analephera kalekale.

Pamene zalazo zinkadutsa pakhoma panali lamba. Sindikunena lamba wa m'chiuno ayi, koma pepala lalitali lokongoletsera khoma, kukula kwake ngati chikhatho, lojambulidwa maluwa ofiira ndi masamba. M'nyumba za anthu ena pepala lotere amamata m'mwamba pafupi ndi siling'i. Kwathu linali m'munsi, pamene dzanja la munthu woimirira limafika akalitsitsa. Nyumba inkaoneka ngati yamanga m'chiuno, n'chifukwa chake tinkangoti lamba.

Nkhani yake anandiuza ndi mwamuna wanga. Malemu apongozi aakazi ankakonza m'zipinda pa hotela ina. Hotelayo itakongoletsa zipinda, anawapatsa mipukutu ya pepala yotsala. Anabwera nayo kunyumba n'kuuza amuna awo kuti amate iwo ali kuntchito. Koma a Chidendene moyo wawo wonse anagwira ntchito chokhala. Anangotenga kampando kawo kosokera n'kumata ali chikhalire, uku akusuntha kampandoko pang'onopang'ono mpaka kuzungulira nyumba. Guluu anagwiritsa wa nsapato, poti ndi amene ankamukhulupirira. Mayi aja pobwera anangogwira pakamwa. Anayesa kumatula ndi zikhadabo, lamba anakana.

"Chimene ndamata ine chimachoka ndi khoma lomwe," anatero a Chidendene, ndipo lambayo anakhala choncho mpaka ana anakula, mayi n'kumwalira.

Ine ndinalowa m'nyumbamo mayi atapita kale. Mwamuna wanga amayendetsa thiraki yonyamula zakumwa, amachoka m'mawa n'kubwera madzulo. Masana tinkatsala atatu: ine, apongozi ndi mwana wanga wamkazi amene agogo ake anamupatsa dzina loti Abwana, ati chifukwa akalira nyumba yonse imathamanga. Ine ndinangokhala amake Abwana. Sindine munthu wa pakamwa. Ndikafuna kunena chinthu kwa akuluakulu, mawu amafika pakhosi n'kubwerera. Ndiye ndimangoona.

Choyamba chimene ndinaona chinali mzere wakuda pakati pa maluwa a lamba. Ndinkaupukuta, mawa lake wabwerera. Kenako ndinaona kuti apongozi akamathira shuga, theka amagwera pa sosala. Kasitomala akafika sankamutchula dzina mpaka iye atayamba kuyankhula. Ulusi ankaulowetsa m'chisingano ndi zala ndi milomo, nkhope itayang'ana kumsewu. Nyuzipepala ankagulabe, koma inkangokhala pamwendo ili chipindire wailesi ikuyankhula. Abwana atayamba kukwawa, agogo ake anasiya kunyamula mapazi, anayamba kuwakoka pansi ngati munthu wovala nsapato zazikulu.

Pafupi ndi chitseko cha kuchimbudzi, mapepala awiri analumikizana mosanjikizana, panali kaphiri pang'ono. Zala zikafika pamenepo ankaima n'kukhota. Pakona yolowera pabalaza pepala linali longʼambika, ndipo pamenepo ankakhotera kumanja. Apa m'pamene ndinadziwa kuti apongozi sakuona, ndipo njira yawo yonse m'nyumbamo ndi lambayo.

Chifukwa chobisira ndinkachidziwanso. Alamu anga, achemwali ake a mwamuna wanga, ali ndi shopu ya makatani ndipo amakhala kutali, m'nyumba yosanjikiza, pamwamba penipeni. Ndi munthu wabwino, koma akanena chinthu ndiye chanenedwa. Kangapo ndinawamva akuti, "Ababa, tsiku limene mudzayambe kulephera kudziyendera nokha, ndidzabwera ndi galimoto kudzakutengani."

"Kumwamba kuja?" ankatero apongozi. "Ndikwere kumwamba ndikadali moyo?"

Tonse tinkaseka, koma iwo sankaseka kwenikweni. Kumeneko kulibe khonde, kulibe msewu, ndipo palibe amene angakwere masitepe onse aja ndi nsapato yong'ambika.

Lamulungu lina alamu anabwera kudzacheza. Atakhala pasofa maso awo anagwera pa mzere wakuda uja.

"Achimwene, nyumba iyi ikutichititsa manyazi. Taonani litsiro ili. Anthu aziti ine ndimakongoletsa nyumba za ena, kwathu kuli chonchi?"

"Tipenta," anatero mwamuna wanga.

"Wopenta ndikupezera ine. Koma chipepalachi chiyambe chachoka, penti sagwira pa pepala. Alamu angawa amakhala pakhomo, amatula pang'onopang'ono. Si choncho alamu?"

Ndinayang'ana apongozi. Anali ataika manja onse awiri pamaondo, nkhope ili kuwindo.

"Ababa, mukuti bwanji?" anafunsa mwamuna wanga.

"Matulani. Lambayo anakalamba ngati mwini wake."

Ndinayambira pabalaza. Mipando ndi kabati tinazikokera pakati kuti khoma likhale poyera. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anandiuza mmene anachotsera lake: kulikanda ndi foloko, kulinyowetsa ndi madzi ofunda a sopo wotsukira mbale, kudikira kuti amwerere, basi limachoka lokha. Ndinachita zomwezo. Khungu la pamwamba, lonyezimira ngati pulasitiki, linasendeka bwinobwino, maluwa n'kumagwa pansi m'tizidutswa. Pansi pake panatsala pepala loyera laubweya. Nalonso nditalinyowetsa ndi siponji linayamba kufumbutuka ndi chala. Koma pansi pa zonsezi panali guluu wachikasu, wolimba ngati tayala. Ndinathira madzi, ndinathira viniga, ndinapala ndi supuni mpaka inapindika. Madzi anayenderera pansi ponse, Abwana n'kumawomba m'manja m'matope a mapepala.

"Amake Abwana," apongozi anaitana ali kukhonde. "Khomalo mukulisambitsa likupita kuti?"

"Guluu akukana, bambo."

"Ameneyo samva madzi. Akanakhala womva madzi bwenzi anthu onse a mumsewu muno akuyenda opanda soli nthawi ya mvula. Amamva moto. Tengani simbi yositira, muike kansalu pakati, mutenthetse. Akafewa mupale ndi ichi."

Anandipatsa mpeni wawo wakale wobuntha, umene ankapalira soli asanamate. Ndinaulandira ndi manja awiri koma sindinachoke.

"Bambo, nanga..."

"Nanga chiyani?"

"Palibe."

"Ngati palibe kagwireni ntchito. Musawotche khoma, simbi isakhalitse malo amodzi."

Zinathekadi. Guluu akatentha ankafewa n'kumatanuka ngati chingamu, fungo lake ngati la pakhonde pawo. Ndinkatsegula mawindo onse, Abwana ndili naye kumbuyo. Ntchito inali yochedwa. Kutenthetsa pang'ono, kupala, kupukuta mpeni pa nyuzipepala, kusuntha. Malo ena guluu ankachoka ndi penti wakale, kwina ndi pulasitala yemwe. Pamene ndinkamaliza pabalaza zala zanga zinali ndi matuza, koma khoma linali see, ngati sipanakhalepo kanthu.

Mawa lake m'mawa ndinamva kugogoda kuja, kenako swee, swee mukolido. Atafika pakona ya pabalaza kaphokoso kanatha. Ndinasuzumira. Apongozi anali ataima, chikhatho chili pakhoma, akuchikweza n'kuchitsitsa ngati munthu wofuna switchi. Anaima choncho kanthawi. Kenako analisiya khoma n'kuyenda molimba mtima ngati akuona, n'kukagunda mphumi pa ngodya ya kabati ija tinaikokera pakati.

Mwamuna wanga anatuluka kubafa ndi thovu kumaso.

"Ababa! Chachitika n'chiyani?"

"Abwana asiya chidole panjira. Ndapunthwa."

"Iwe, ukula liti? Sungatole zidole za mwana?" mwamuna wanga anandikalipira uku akupukuta magazi.

Pansi panalibe chidole chilichonse. Ndinapita kukatenga madzi amchere ndi thonje.

Kuyambira tsiku limenelo anayamba kuchedwa kutuluka. Ankati mutu ukuwawa. Nsapato za anthu zinaunjikana pakhonde, ena anabwera kudzatenga zawo zisanasokedwe. Tsiku lina ndikuyanika matewera ndinawaona pawindo. Anadikira kuti amve chitseko cha kuseri chatsekeka, kenako anadutsa pabalaza atawerama, akupapasa sofa, tebulo, mpando, ngati mlendo m'nyumba imene anamanga okha.

Alamu atabwera n'kuona bala lija, sanafunse zambiri.

"Mwayamba kugwa tsopano? Basi. Chipinda ndikonza. Penti akangouma ndikubwera kudzakutengani."

"Ndinapunthwa chidole," anatero apongozi.

"Kwanga kulibe zidole."

Kunatsala mukolido. Ndinakanda ndi foloko, ndinanyowetsa, ndinasenda pepala lonse mpaka loyera lija. Simbi sindinailumikize n'komwe. Guluu ndinamusiya mmene analili, mzere wachikasu wokhakhala kuyambira pachitseko chawo mpaka pakona, ndi kaphiri kake pafupi ndi kuchimbudzi. Unali wonyansa kuposa lamba. M'mawa ndinamva zala zikudutsapo. Kaphokoso kanasintha, kanali khwee, khwee, koma kanafika pakona osaima.

Loweruka wopenta anafika. Anthu amamutchula a Madontho chifukwa ovolosi yake, nsapato ndi tsitsi lomwe n'zamadontho a mitundu yonse. Anayang'ana pabalaza n'kugwedeza mutu kuti zili bwino. Atalowa mukolido anaimba mluzu.

"Mayi, apa ndiye mwandisiyira msewu wa tala. Palibe kanthu, sandipepa alipo."

Anatulutsa sandipepa n'kumukulunga pa kathabwa. Sindikudziwa mmene ndinafikira, koma ndinangopezeka ndaima pakati pa iye ndi khoma, mwana ali kumbuyo.

"Musapale."

"Mwati?"

"Pentani pamwamba pake."

"Mayi, ine ndikapenta pamwamba pa chimenechi, anthu aziti a Madontho anapenta ataledzera. Dzina langa liipa. Abwana!"

Ankaitana mwamuna wanga, koma amene anayankha ndi mwana kumbuyo kwanga. Mwamuna wanga anabwera kuchokera panja akupukuta manja.

"Madamu akuti ndisapale."

"Watopa eti? Ngati watopa ungonena, apale ndi iwowa. Tachoka apo."

Ndinauza wopenta kuti tiyi wake ali kukhitchini, ndipo atapita ndinagwira dzanja la mwamuna wanga n'kupita naye pachitseko cha apongozi. Zala zake ziwiri ndinaziika pa guluu.

"Tsinzinani."

"Masewera anji amenewa?"

"Tsinzinani, muyende."

Anaseka, koma anatsinzina. Anayenda. Atafika pa kaphiri kaja ndinamuuza kuti kuchimbudzi ndi pamenepa. Anapitirira mpaka pakona, zala n'kugwera pa khoma losalala la pabalaza. Dzanja lake linakwera n'kutsika lokha, chimodzimodzi mmene anachitira bambo ake. Anatsegula maso. Kutsogolo kwake kunali kabati ija.

Anatuluka kukhonde, ine ndili pambuyo. Apongozi anali pa kampando kawo akusoka sandasi ya mwana wasukulu. Mwamuna wanga anagwada n'kuyendetsa chikhatho patsogolo pa nkhope yawo, uku ndi uku.

"Chotsa dzanja lako, likununkha dizilo," anatero apongozi.

"Ababa, zayamba liti?"

Anakoka ulusi, anaumanga, anaudula ndi mano.

"Wakuuza ndani?"

Abwana anayamba kukoka tsitsi langa n'kumaseka.

"Amake Abwana," anatero apongozi. "Ine ndimayesa inu ndinu munthu wosayankhula."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa matuza a simbi.

Mukolido anapenta pamwamba pa guluu. A Madontho anang'ung'udza tsiku lonse n'kutipempha kuti mlendo akafunsa tizinena kuti anapenta ndi munthu wina. Titawatengera apongozi kuchipatala, anati maso onse awiri achita ng'ala. Lina anati linawonongeka kale ndi matenda ena, silingathandizike. Linalo angalichite opaleshoni, koma adikire nthawi yawo, odikira ndi ambiri.

Alamu atamva analira kaye, kenako anakalipa. Anakalipira mchimwene wawo kuti amakhala m'nyumba ngati munthu wa lendi, anakalipira ine kuti ndinadziwa n'kukhala chete, anakalipiranso bambo awo.

"Ndikuwatenga lero lomwe."

"Achemwali, dikirani," anatero mwamuna wanga. "Munati akadzalephera kudziyendera okha. Sanalephere."

"Mphumi imeneyo ikuti chiyani?"

"Imeneyo tinawagwetsa ndi ife."

Anakangana mpaka tiyi anazizira. Pomaliza alamu anati abwera Lamulungu m'mawa kudzaona ndi maso awo. Apongozi akatuluka kuchipinda n'kukafika pakhonde popanda wowagwira dzanja, akhala. Akalephera, chikwama chikhale chopakira.

Mipando tinaibwezera m'malo mwake, koma pabalaza pathu ndi potakasuka, ndipo khoma la penti watsopano linali loterera ngati mbale. Mwamuna wanga anayesa kuwatsogolera atawagwira pamkono kuti azolowere.

"Ndisiye, sindine katundu wa pa thiraki yako."

Anayesa kuwagulira ndodo. Apongozi anaipapasa, anati ndi yabwino, n'kuipereka kwa Abwana kuti aziseweretsa. Ine sankandiyankhula. Tiyi ndikaika ankangoti zikomo, osati amake Abwana, osati chiyani. Koma ankadziumiriza kufika pakhonde, ndipo masana onse ndinkamva chisingano chikuboola chikopa. Nsapato za anthu zinali chiunjikire. Ndinkadabwa kuti akusoka chiyani, koma kusuzumira ndinkachita manyazi.

Lachisanu masana, mwana atagona, anandiitana.

"Amake Abwana."

Ndinapita n'kukhala pansi pafupi ndi chitseko. Pamiyendo pawo panali mpukutu wa chikopa. Anali atatenga tizidutswa tonse totsala posoka nsapato, takuda, tofiirira, tina toyera ta nsapato za ukwati, anatidula mofanana kukula ngati chala n'kutisoka tonse kukhala chingwe chimodzi chachitali. Mitundu inangosakanikirana poti sankaiona, koma msoko uliwonse unali wowongoka.

"N'chonyansa?" anafunsa.

"Pang'ono, bambo."

Anaseka, koyamba chigwereni.

"Mlamu wanu akomoka. Mumukonzere madzi."

Anapapasa pansi pa benchi n'kutulutsa chitini cha guluu ndi kabulashi. Anandiuza kuti ndipake mbali zonse ziwiri, pachikopa ndi pakhoma, ndidikire mpaka guluu asiye kumata chala, kenako ndiphatikize n'kumenya pang'onopang'ono ndi nyundo yokutira kansalu. Chiyambire pakona pamene guluu wakale wathera, chikafike pachitseko cha kukhonde. Pafupi ndi mapeto anali atasokapo kabakulo ka sandasi kuti zala zizidziwa kuti chitseko chafika.

"Bambo, ine sindinamatepo chinthu."

"Kumatula munatha. Kumata n'kosavuta."

Ndinanyamula chitini ndi mpukutu uja n'kuimirira. Iwonso anaimirira, anagwira chitseko ndi dzanja limodzi, n'kukankhira kampando kawo kwa ine ndi phazi.

"Tengani aka. Mumate mutakhala pamenepa, muzisuntha pang'onopang'ono. Mukamata choimirira mukweza kwambiri, ine n'kusochera m'nyumba yanga yomwe."